Phukusi la moyo umasunga wekha



Ndaima pano kuti ndikambe za phukusi la pologalamu ya kompyuta, lija a Debian amalitcha deb. Debian anaiyambitsa a Ian Murdock m'chaka cha 1993, ndipo mfundo yake ndi yakuti malangizo amene alembi amalemba popanga pologalamu, aja amati source code, akhale poyera kuti aliyense awerenge, asinthe ndi kugawira mnzake.

Ine ndinaphunzira nditapsa. Ndinatenga source code ya pologalamu ina n'kulemba make install. Mafayilo anamwazika m'kompyuta monse ngati mapira pabwalo, ndipo dpkg, mlembi wosunga kaundula wa zonse zolowa, sanadziwe kanthu. Pofuna kuichotsa ndinafufuta ndi zina zofunika zomwe, mpaka kompyuta ya kuntchito inagona masiku awiri.

Njira yolongosoka nayi. Lembani apt-get source ndi dzina la pologalamuyo kuti source code ibwere. Kenaka apt-get build-dep ikutengerani zipangizo zomangira. Musanamange, tsegulani chikwatu cha debian. Fayilo ya control imatchula zimene phukusi limadalira, ya rules imanena kamangidwe kake, pamene ya changelog imaulula amene anasintha kanthu ndi tsiku lake. Mukakhutira, lembani dpkg-buildpackage. Phukusi likatuluka, lilowetseni ndi dpkg -i, ndipo tsiku lolichotsa kaundula adzadziwa pali fayilo iliyonse.

Wina afunsa kuti, nanga kuwerengako n'kwa chiyani? M'mwezi wa Malichi 2024, a Andres Freund anaona kuti kulowa m'kompyuta yao kudzera pa ssh kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza kuti munthu wina anabisa khomo lolowera akuba m'pologalamu ya xz, 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo analibisa m'mafayilo omwewo ogwiritsa ntchito pomanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Womanga osawerenga akanamangira limodzi ndi khomolo. Chinatipulumutsa n'chakuti zonse zinali poyera, ndipo munthu mmodzi sanachite ulesi kusuzumira.

Tsono pempho langa ndi ili: mukafika kunyumba, sankhani kapologalamu kakang'ono ngati hello, muwerenge rules yake mzere ndi mzere, kenaka mumange nokha.