Mkazi Si Chithunzi cha Malemu: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Monkey Bay



Kuno kwathu tikamva za munthu woyamwa magazi timakumbukira anamapopa, mphekesera yomwe idaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Koma m'mafilimu omwe ambirife tidaonera m'tinyumba ta vidiyo pano pa Monkey Bay, woyamwa magazi amabwera ngati wofunsira mbeta. Lero ndikufuna tione zomwe mafilimuwa amatiphunzitsa za akazi.

Mu filimu ya Bram Stoker's Dracula ya mu 1992, yomwe adakonza Francis Ford Coppola, mkazi wa Dracula, Elisabeta, adadziponya mumtsinje mu 1462 atanamizidwa kuti mwamuna wake wafera ku nkhondo. Patapita zaka zoposa 400, Dracula adakumana ndi Mina ku London nanena kuti ndi mkazi wake uja wabadwanso. Winona Ryder ndiye adasewera mbali zonse ziwiri. Komatu Mina anali wotomeredwa kale ndi Jonathan Harker, choncho mtima wake udagawika pawiri. Nkhani yobadwansoyi mulibe m'buku la Stoker la mu 1897, adachita kuiwonjezera. Ngakhale mu Blacula ya mu 1972, kalonga wa ku Africa, Mamuwalde, adalondola Tina ku Los Angeles chifukwa chofanana nkhope ndi malemu mkazi wake, Luva.

Taganizani, anzanga. Mwamuna amakhala yemweyo zaka mazana, ndi dzina lake ndi chifuniro chake. Mkazi ndiye amafa, wina n'kulowa m'malo mwake. Sakondedwa chifukwa cha nzeru kapena khalidwe lake ayi, koma chifukwa akukumbutsa malemu. Ndipo zinthu zikavuta, mlandu wa kusakhulupirika umagwera iye.

Tisaseke azungu okha. Kodi mwambo wa chokolo suchita zomwezo? Mwamuna akamwalira, achibale amasankha wolowa m'nyumba, mayi wamasiye osafunsidwa, ngati kuti iye ndi gawo la katundu. M'madera ena mkazi akamwalira amapereka mng'ono wake kwa mkamwini. Nayenso mtsikanayo amagawika mtima, pakati pa kumvera makolo ndi kutsata moyo wake.

Malamulo alipo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yozunza, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma lamulo silikhala nawo pa zokambirana za pamaliro. Amene timakhalapo ndife.

Pempho langa ndi ili: pa maliro a m'banja mwanu, funsani mayi wamasiye zomwe iye akufuna, ndipo ayankhe yekha. Ana anu akamaonera mafilimu otere pa foni, afunseni kuti Mina akadafunsidwa akadasankha chiyani.