Za Utsi wa Lupsa ndi Makina Oyenda Kumwamba

Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe ku Michesi

Mlandu tadza nao ndi wa utsi umene uphimba phiri la Michesi caka ndi caka, kuyambira mwezi wa August kufikira mvula yoyamba, kotero kuti mpata wa Fort Lister suoneka bwino, ndipo dzuwa lilowa lofiira ngati khala la moto.

Ambiri ayesa kuti moto woyatsidwa m'phiri usiku adziwa ndi mwini wace yekha. Sikutero ai. Kumwamba kuli makina ochedwa masetilaiti, amene azungulira dziko lapansi najambula zithunzi zace. Awiri a iwo, Terra ndi Aqua, anaponyedwa ndi bungwe la NASA la ku America m'zaka za 1999 ndi 2002, kuti ayende makilomita 705 pamwamba pathu. Wina, Suomi NPP, anatsata m'caka ca 2011. Aliponso a ku Ulaya, ochedwa Meteosat, okhala kutali makilomita 36,000, amene ayang'ana Africa kosaleka natumiza zithunzi kangapo pa ora liri lonse.

Macitidwe ao ndi otere. Diso lao lipenya kuwala monga lathu, komanso lizindikira kutentha. Malo oyaka alembedwa ndi kadontho kofiira pa mapu, ndipo mapuwo aikidwa pa intaneti m'maora owerengeka, pa dzina la FIRMS, kuti ali yense aone kosalipira. Pa cithunzi utsi uoneka wotuwa ngati nsaru yopyapyala, pfumbi lifanana ndi dothi, koma mitambo iyera mbu. Potero anzeru asiyanitsa zitatuzi, nadziwa kumene mphepo izitengera. M'caka ca 2000 akatswiri a nchito yochedwa SAFARI 2000 anaona utsi wa maiko athu ano utasonkhana ngati mtsinje, nutsikira ku nyanja yaikuru ya India. Momwemonso pfumbi la cipululu ca Sahara lioneka lirikuoloka nyanja ya Atlantic kufikira ku South America. Tsono dziwani kuti utsi wa ku Michesi suthera pa Michesi.

Koma makinawa ali ndi polekezera pao. Pansi pa mitambo sapenya, ndipo moto waung'ono umene uyaka nuzima msanga kawiri kawiri auphonya. Koposa izi, kadontho kofiira sikachula woyatsa, kapena ndi mnyamata wosaka mbewa, kapena wootcha makala, kapena wofula njuci. Ndiponso sikazima moto. Nchito imeneyo yatsalira ife.

Phiri ili liri m'nkhalango yosungidwa. Moto wobwerezabwereza upha mitengo yanthete, pamodzi ndi mkungudza wa mapiri ano, umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi, nusiya nthaka yosabvala. Napolo autsidwa ndi mvula yaikuru, ndi zoona. Koma phiri lopanda copfunda silisunga madzi. Akuru akumbukira March wa 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi nizipha anthu mazana pa Phalombe. Ndipo ana omwe anaona namondwe Freddy mu March wa 2023. Utsi womwewo ndiwo utsokomoletsa makanda ndi nkhalamba zathu.

Cifukwa cace tiika zopempha zitatu pamaso panu. Coyamba, mlembi wa Bungwe adzipenya mapu amenewa sabata ndi sabata m'malimwe, nauze mfumu imene moto waoneka m'dera lace. Caciwiri, mudzi uli wonse wa m'tsinde mwa phiri ulambule njira zochinga moto pamodzi ndi anyamata a Nkhalango, mwezi wa August usanafike. Pakuti akuru anati moto upita kumene kwatsala chire. Cacitatu, mafumu aweruze woyatsa pabwalo, angakhale ali mphwao kapena mkamwini wao.

Alendo a kutali aliona phiri lathu tsiku ndi tsiku lirikupsya. Kodi eni ace okhala patsinde pace adzakhala cete? Mau athu athera pamenepa, ndipo tiwasiya m'manja mwanu.