Mankhwala a khunyu sagwirizana ndi mankhwala alionse

Awa ndi mau amene mtolankhani wathu adayankhula kwa odwala khunyu ndi abale owasamala ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

 Ine ndine mtolankhani chabe, choncho zomwe ndinenezi mukazifunsenso pachipatala cha St Joseph chili apachi.

Ambiri mwa inu mumalandira phenobarbitone. Ndi mankhwala akale, adayamba kuperekedwa kwa odwala khunyu ku Germany mu 1912, ndipo amathandiza ndithu. Koma munthu akawasiya mwadzidzidzi, kaya poona kuti wapeza bwino, kaya wina wamuuza kuti wachira atamupempherera, kugwa kumabwerera mwamphamvu, mwina osalekeza. Munthu akaphupha kupitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwalawa amagonetsanso, ndiye kuthirapo kachasu nkufooketsa kupuma.

Nkhani yondidetsa nkhawa kwambiri ndi ya ma ARV. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amachititsa chiwindi kuphwanya msanga mankhwala ena m'thupi. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'dziko muno adayamba kumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo mankhwala atatu aja amachepetsa dolutegravir m'magazi. Munthu nkumamwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku, kachilombo kakupeza mpata woswana. Chomwe chimaononga nchakuti za khunyu amalandira khomo lina, ma ARV khomo lina, ndipo ena amasunga mabuku awiri a kuchipatala poopa kudziwika. Onetsani onse awiri. Adokotala akadziwa atha kusintha mankhwala kapena mlingo wake.

Chiwindi chomwecho chimaphwanyanso mapilitsi olera ndi njira yoika pamkono ija, mai nkudzidzimuka ali ndi pakati. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka.

Tsopano inu amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku London. Mumatumizidwa sodium valproate, amene pabokosi amalembedwa Epilim, ndipo ena mumawatama chifukwa achokera kunja. Ndi mankhwala amphamvu, koma osati kwa mai woyembekezera. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, ndipo pakati pa 30 ndi 40 amachedwa kuyenda, kuyankhula kapena kugwira zam'kalasi. Ku Britain adakhwimitsa malamulo mu 2018 kuti mtsikana kapena mai wotha kubereka asapatsidwe popanda njira yodalirika yolera. Mai amene watenga kale pakati asasiye yekha, chifukwa kugwa nako kutha kupha iye ndi mwana yemwe. Apite kusikelo msanga akanene zomwe akumwa.

Za carbamazepine ndinene chimodzi. M'milungu yoyambirira mukaona zidzolo, zilonda m'kamwa, maso ofiira ndi kutentha thupi, musati ndi chikuku kapena kulodzedwa. Khungu litha kusupuka ngati wapsa ndi moto. Mubwere naye tsiku lomwelo, mapilitsi ake ali m'manja.