Nyimbo Nazonso Ziri ndi Sikelo Yace

Lero ndiyamba ndi nyimbo, koma tikathera ku munda.

Ku Mangalande kunali gulu la oyimba lochedwa The Beatles, limene linapasuka m'caka ca 1970. M'mwezi wa November 2010 nyimbo zao zinayamba kugulitsidwa pa intaneti, m'sitolo ya iTunes. Makina anawerenga nyimbo iri yonse yogulidwa, ndipo pa sabata loyamba lokha zinagulidwa nyimbo zoposa 2 miliyoni. Motero eni ace anadziwa nyimbo zimene anthu azikonda, ndi ndalama zoyenera kulandira.

Nafenso tiri nalo gulu lakale, Alleluya Band ya ku Balaka, imene Paul Banda anaiyamba m'caka ca 1978. Koma ambiri a ife timapita kwa mnyamata wa kompyuta pa msika kuti atiikire nyimbo mazana m'foni. Nyimbo zimenezo palibe woziwerenga. Ngakhale bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992 kuti lidzitolera ndalama za oyimba, silingadziwe kuti zatengedwa zingati. Analima ndi wina, akudya ndi wina.

Kodi si momwemonso ndi kacewere wathu? Wogula afika ndi thumba lace lalikuru, alidzaza mpaka pamwamba, osayesa pa sikelo, ndipo mlimi sadziwa cimene wataya.

Inu mafumu, uzani anthu anu kuti ayese mbeu zao asanagulitse, ndi kulemba m'buku makilogalamu, mtengo ndi tsiku. Ndipo pogula nyimbo, agule kumene zimawerengedwa.