NG'OMBE NAZO ZIRI NDI AKULU AO

 Lero tabwera ndi nkhani ya m'khola. Cilimwe ciri conse timamva dandaulo limodzi-modzi: munthu anasunga mapesi, anagulanso madeya, koma pofika Okutobala ng'ombe ziwiri kapena zitatu zangotsala nthiti zokha-zokha, pamene zinzao ziri bwino-bwino. Ena amathamangira kunena kuti ndi matenda, enanso amayamba kuganizira anansi ao zoipa. Ife tikuti tiyambe taima pa mpanda wa khola, tione m'mene ng'ombezo zimadyera.

Ng'ombe ziri ndi akulu ao. Iri yonse imadziwa inzace imene iyenera kuipatukira, ndi inzace imene ingathe kuipirikitsa. Kawiri-kawiri zokhwima, zolemera thupi ndi za nyanga zazitali ndizo zimaopedwa. Zikadziwana sizimenyananso tsiku ndi tsiku: yaikulu ingoweramitsa mutu, yaing'ono n'kupatuka. M'caka ca 1922 Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway analemba za khalidwe lotere pakati pa nkhuku, kuti pali yojompha zonse ndi yojomphedwa ndi zonse. Inu amai amene mumawaza gaga pabwalo simusowa buku kuti mubvomereze zimenezi.

Tsono taganizani. Tikaunjika mapesi mulu umodzi pakati pa khola, adye ndani? Yaikulu iima pomwepo, ndipo ngakhale itakhuta sicokapo msanga. Misoti, yothyoka nyanga ndi imene yafooka ndi kuyamwitsa zimangozungulira, nizitola zopondedwa m'ndowe. Mwini khola amati ng'ombe zace zonse zadya, cikhalireco zadya ndi zamphamvu zokha. Pamenepa sipafunika ndarama iai. Mapesi omwewo tiwagawe milu inai kapena isanu yotalikirana, kuti yaikulu ilephere kulonda yonse. Madeya, popeza ndi ocepa, tizipatsa zofookazo pa zokha, zinzao zitaturuka.

Koma pozipatula tisasiye imodzi yokha, pakuti ng'ombe ziri ndi mabwenzi. Viktor ndi Annie Reinhardt anapenyetsetsa gulu la ng'ombe za linunda, zonga zathuzi, ku Kenya, ndipo m'caka ca 1981 anafotokoza kuti iri yonse inali ndi zinzace zimene imakonda kudya nazo msipu ndi kunyambitana nazo, ndi kuti cibwenzico cimakhala zaka. Ng'ombe yotsekeredwa yokha imalira, imaleka kudya, mwinanso imathyola mpanda. Cotero tizipatula ziwiri-ziwiri. Ngakhale yodwala, imene iyenera kukhala payokha, tiiike poti iziona zinzace capatali.

Tinenepo za ng'ombe yogula kumene, cifukwa apa ndi pamene ambiri a ife tataya cuma. Munthu afika nayo madzulo, aiponya m'khola lothinana, natseka. Usiku wonse zinzace zimaigunda, ndipo iribe kothawira. M'mawa mwace iri ndi mabala, ndipo ngati inali ndi bere nthawi zina limacoka. Mlendoyo ayambe wakhala m'kakhola kace masabata angapo, tim'cotse nkhupakupa, tionenso ngati sanabwere ndi nthenda. Pambuyo pace akakumane ndi zinzace ku dambo, masana, kumene malo ndi otakasuka. Zidzagundana ndithu, koma yogonja idzathawa osabvulala. Amene ali ndi mphamvu zogula ziwiri agule za khola limodzi.

Anyamata athu a ku busa tiwauzenso ici. Ng'ombe yabwino sikonda kutsalira. Akaona ina ikutsala m'mbuyo, kapena yaima payokha osadya ndi osabzikula, anene tsiku lomwelo, asadikire mawa. Mwina ndi thadzi limene likufuna kubereka, pakuti nalonso limadzipatula. Koma mwina ndi cigodola, nthenda ya nkhupakupa ija. Tiigwire kunsi kwa khutu: ngati patupa ndipo thupi latentha, tithamangire kwa alangizi a ziweto, cifukwa cigodola sicicedwa kupha.

Cotsiriza ndi ca tsiku la katemera, kapena la dibi kumene likugwirabe nchito. Zikwapu ndi kukuwa kumangobalalitsa gulu. M'khola liri lonse muli ng'ombe imene zinzace zimaitsata pa njira, ndipo si nthawi zonse imakhala yogunda ija. Tiidziwe, tiitsogoze, zinazo zidzalondola. Temple Grandin wa ku America, katswiri wa kagwiridwe ka ng'ombe, amaphunzitsa kuti munthu akaima ca kumbuyo kwa phewa ng'ombe imapita m'tsogolo, akaima kutsogolo kwa phewa imabwerera. Koma tisaime kumcira kweni-kweni, pakuti pamenepo siona, ndipo ikadzidzimuka imaponya mwendo.