MOTO WA MAKALA PA GOMBE

Mau olalikidwa m'dziko la Chiradzulu. Kuwerenga: Yohane 21: 1-17.



Mau amene tawerenga atisonyeza munthu wobwerera ku nchito yace yakale. Petro anakana Mbuye wace katatu, alikuotha moto wa makala pa bwalo la mkulu wa ansembe. Ndipo m'tsogolo mwace timpeza pa nyanja ya Tiberiya, ali m'ngalawa ndi khoka, monga ngati sanaitanidwe konse. Tsono tapenyani cimene Ambuye anacita. Sanatuma mthenga kukamuitanira ku mlandu. Anadza Iye mwini mamawa, naima pa gombe. Ndipo pakuturuka m'ngalawa ophunzirawo anapeza moto wa makala, ndi nsomba pamenepo, ndi mkate. Atatha kudya, pamenepo anamfunsa Petro za cikondi cace katatu, monga iye anakana katatu, nampatsanso nkhosa zace aziwete.

Ife kawiri kawiri tiyamba ndi funso, ndi kusunga nsomba kufikira munthu atayankha bwino.

Tibvomere cimo lathu pamaso panu. M'mudzi wina kunsi kwa phiri ili munali mbale amene anatsogolera nyimbo zaka zambiri. Anamuka ku Joni kukafuna nchito, nabwera wopanda kanthu m'manja, nayamba kumwa kacasu. Tinamtumizira kalata katatu kuti aonekere pamaso pa akulu a Mpingo, ndipo sanadza. Tinalemba m'buku kuti waumitsa mtima. Atamwalira tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa kufikira dzuwa pamutu, tirikukangana ngati kuyenera kumuyimbira nyimbo za Mpingo kapena iai. Pamenepo mlongo wace anatiuza kuti masiku a Sabata iye amakhala kuseri kwa nkhokwe, namvetsera kuyimba kwathu, nayimba nafe pang'ono pang'ono. Cimene cinamletsa cinali manyazi, pakuti jekete lace anagulitsa, ndipo zopereka zace zinatsalira zaka zitatu. Kucokera ku nyumba ya Mulungu kufikira kwao, munthu akhoza kupita ndi kubwera nsima isanapse. Koma tsiku loyamba limene tinaponda pa khomo pace linali la maliro ace.

Ife a dziko lino sitiyenera kukhala mbuli pa nkhani iyi, pakuti ku Mbombwe kuno tiri naco citsanzo. John Chilembwe anayamba Providence Industrial Mission m'caka ca 1900. Itabuka nkhondo ya mu January 1915, Boma linagwetsa nyumba yace yopemphereramo ya njerwa. Ena a Mpingo anaphedwa, ena anamangidwa, ena anathawira ku dziko la Apwitikizi, ndipo misyoni inatsekedwa zaka 11. Dr. Daniel Malekebu, mwana wa kuno, amene anaphunzira za mankhwala ku Meharry Medical College ku America, Boma linamkaniza poyamba kukhala kwao, nakagwira nchito ku Liberia. Koma m'caka ca 1926 analoledwa, nadza ndi mkazi wace Flora, natsegulanso misyoniyo.

Taganizani anthu amene iye anawapeza. Zaka 11 ndizo zambiri. Mwana wobadwa pa nthawi ya nkhondo anali wakuweta mbuzi. Ndipo munthu wokhala nthawi yotere wopanda mbusa, wopanda Mgonero, wakuopa ngakhale kuchula dzina la Mpingo wace, sabwera ndi zobvala zoyera. Mbusayo akadafuna okha osadetsedwa, tiyesa akadalalikira mitengo. Walira mvula walira matope. Ndipo Mpingo umene unauka pa mabwinjawo ulipo kufikira lero lino, ndi anthu asonkhanako caka ndi caka pa 15 January.

Sitinena kuti mwambo wa Mpingo ucoke. Wodulidwa cifukwa ca cigololo kapena kuledzera ayenera kulapa, ndipo akulu ayenera kumfunsa. Ambuye yemwe anafunsa kufikira Petro anamva cisoni. Koma kufunsako kuli ndi nthawi yace, ndiponso kuli ndi mwini wace. Si nchito ya amai onse a pa citsime.

Cifukwa cace tikupemphani cotere. Yense wa inu adziwa dzina limodzi. Mwalikumbukira kale tirikulankhula. Mupite sabata ino, awiri okha, osati gulu, kuti anansi angayese mwadzera mlandu. Buku la zopereka mulisiye. Mukampeza alikupalira, tengani khasu. Mukampeza alikumenya nandolo, khalani pa mphasa mumenye naye. Akayamba kunena za mkulu amene anamnyoza pa maliro a mwana wace, mumve kufikira atatha, pakuti kapena alikunena zoona, ndipo woyenera kupepesa ndife. Akakana musakwiye, mudzapitenso. Madzi saiwala khwawa, koma khwawa likatsekeka ndi zinyalala afunika munthu wakulitsegula.

Ndipo akabvomera, musamuuze kuti tikaonana Lamulungu. Mtunda wobvuta koposa ndiwo wocokera pa mseu kufikira pa khomo la nyumba iyi, pamene maso onse atembenuka. Mumdzere kwao m'mawa, mulowe naye pamodzi, mukhale naye pa mpando umodzi, ndi kumgwirira buku la nyimbo. Inu aphunzitsi, ana a anthu otere ali m'sukulu zanu. Musawachule ndi zocimwa za atate ao. Ndi inu akulu, mwezi wa mawa pokhala pansi tidzawerenga maina onse amene tinawadula m'zaka zisanu zapitazi, ndipo pa dzina liri lonse tidzafunsa amene anapitako, ndi tsiku lace.

Tipemphere.