Ntchito ya kolera sigulidwa: mmene timasankhira othandiza odwala

Ine ndine activista wa zaumoyo, mwana wa konkuno ku Marávia. Chimvekereni kuti pamalo osamalira odwala kolera pakufunika othandiza, ambiri mwakhala mukundiimika panjira: "Mwanawe, dzina langa usaliiwale." Ndikudziwa, minda ndi nkhokwe zinatsala kumbuyo, aliyense akufuna pogwira. Koma ndiyankhe pano pagulu: ine sindilemba munthu ntchito, a nyakwawa salemba, a sekeretale salembanso.

Chifukwa chake nachi. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, madzi akatha m'thupi. Wothandiza amagwira kloro wosungunula mitundu itatu: wa 0,05% wosamba m'manja, wa 0,2% wotsukira pansi, mabedi ndi zovala, ndi wa 2% wothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Akasokoneza ndowa, mwina awotcha manja a anthu, mwina asiya matenda akuyenda. Apa chibale sichithandiza.

Ndiye kusankha kukuyenda chonchi.

Choyamba, kulembetsa n'kwaulere, kwa mayi kapena bambo aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Ngati BI yanu inatayika pothawa, bwerani ndithu ndi anthu awiri okudziwani.

Chachiwiri, onse afunsidwa mafunso omwewo, m'Chinyanja. Ofunsa ndi atatu: namwino wa boma, wina wa bungwe, ndi mmodzi amene inu musankhe pamsonkhano. Aliyense alemba mamalikisi ake payekha. Akalowa m'bale wa wofunsa, wofunsayo ayamba watuluka.

Chachitatu, kuonetsa ndi manja. Mudzasamba m'manja ndi sopo iwo akuona. Mudzathira Certeza m'chigubu motsata muyeso wa pabotolo, n'kunena kuti madziwo amadikira mphindi 30. Mudzakonza SRO: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Paketi ikasowa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Amene simukudziwa musataye mtima, ndiphunzitsa aliyense tsikulo lisanafike.

Chachinayi, mayina a osankhidwa awerengedwa pagulu ndi kumatidwa poonekera. Wotsala ali ndi ufulu wofunsa pamene walakwa.

Tsono mvetsetsani apa. Munthu akakuuzani kuti mupereke ndalama, nkhuku kapena mbuzi kuti dzina lilowe, ameneyo ndi wakuba. Achemwali, wina akati mugone naye kaye, kanani, ngakhale atavala malaya a bungwe. Imbani Linha Verde pa 1458, ndi yaulere, ndipo nkhani yanu isungidwa mwachinsinsi.

Chomaliza. Ku Nampula ndi ku Cabo Delgado ena a zaumoyo anamenyedwa powanamizira kuti akufalitsa matenda, poti mawu akuti kloro ndi kolera amamveka ngati amodzi. Kloro ndiye amapha tizilombo ta kolera. Amene asankhidwe pano ndi ana anu omwe, mwawaona akuyesedwa ndi maso anu. Akafika pamsasa panu, alandireni.

Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, musadikire kuche. Mumwetseni SRO, mupite naye kuchipatala akumwabe panjira.